Kuyeza ndi Kukonza Kagwiritsidwe Ntchito ka Chuma cha Zipatala ku Petauke ndi ku Nyimba

Kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha zipatala ndi phunziro loona mmene ndalama, antchito, mankhwala, mabedi ndi magalimoto amene chipatala chapatsidwa zimasandukira thandizo kwa odwala. Akatswiri a zachuma amaligawa pawiri. Mbali yoyamba imafunsa ngati zinthu zomwezo zikanathandiza anthu ochulukirapo, kapena ngati ntchito yomweyo ikanatheka ndi zinthu zocheperapo. Mbali yachiwiri imafunsa ngati ndalama zinapita kumene zimapulumutsa miyoyo yambiri: ku katemera ndi masikito kapena ku nyumba yatsopano, ku kiliniki ya kumudzi kapena ku chipatala chachikulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'lipoti lake la chaka cha 2010, linanena kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene maiko amaika pa zaumoyo, zapakati pa 20 ndi 40 zimangolowa m'madzi. Mwa zifukwa zimene linatchula panali mankhwala ogulidwa modula kapena operekedwa mosayenera, odwala ogonekedwa popanda chifukwa chokwanira, zipatala zokula kapena zochepa kusiyana ndi ntchito yake, antchito oikidwa pamalo olakwika, kuba ndi katangale.

Petauke ndi Nyimba ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, chifukwa zina mwa njira zimene dziko la Zambia layesa pofuna kuti kwacha iliyonse ya zaumoyo igwire ntchito zinayesedwera konkuno.

Dera ndi zipatala zake

Maboma awiriwa ali kumadzulo kwa chigawo cha Kummawa, m'mbali mwa msewu wa Great East Road. Wochokera ku Lusaka akangowoloka mlatho wa Luangwa walowa m'boma la Nyimba. Amakwera mapiri a ku Kacholola, kudutsa pa Nyimba pamene pamagulitsidwa nthochi zambiri, n'kukafika ku Petauke, makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku likulu la dziko. Kuno ndi kwa Ansenga, kwa mfumu yaikulu Kalindawalo. Anthu ambiri ndi alimi a chimanga, mtedza, thonje ndi mpendadzuwa. Mbali ya ku chigwa cha Luangwa, kwa mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, midzi ndi yotalikirana ndipo dzinja likafika misewu ina imaduka. Kummwera kuli malire a Mozambique.

Petauke wakale anali wamkulu kuposa wa lero. Mu 2012 mbali ina inapita ku boma latsopano la Sinda, ndipo mu 2018 Lusangazi anakhala boma palokha. Woyerekeza ziwerengero za Petauke za zaka zosiyana ayenera kukumbukira zimenezi, apo ayi adzaganiza kuti odwala anachepa pamene malire okha ndiwo anasuntha.

Zipatala za m'Zambia zili ngati makwerero. Pansi pali timakiliniki tating'ono ta m'midzi, toyenera kutumikira anthu pafupifupi 3,500, kenaka makiliniki akuluakulu a kumudzi oyenera anthu pafupifupi 10,000. Pamwamba pake pali zipatala za paboma, zoyenera anthu apakati pa 80,000 ndi 200,000, monga Petauke District Hospital, Nyimba District Hospital ndi chipatala cha mishoni ya Katolika ku Minga. Chipatala cha Nyanje, cha mpingo wa Reformed Church in Zambia, chinali cha Petauke koma tsopano chili m'boma la Sinda. Sitepe yotsatira ndi ya zipatala zolandira odwala otumizidwa ndi zipatala za paboma, ndipo pa sitepe imeneyi pali Kalindawalo General Hospital ku Petauke ndi St Francis ku Katete. Matenda okanika kumeneko amapita ku Chipata Central Hospital kapena ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Zipatala za mishoni zili pansi pa bungwe la CHAZ, lomwe linayamba mu 1970, ndipo boma limalipira antchito ake ambiri ndi kuzipatsa ndalama zoyendetsera ntchito.

Cholinga cha makwererowa n'chakuti wodwala athandizidwe pa sitepe yotsikitsitsa imene ingathe nthenda yake, chifukwa sitepe iliyonse yokwera imadya ndalama zambiri, za boma ndi za banja lomwe.

Kumene ndalama zimachokera

Chuma cha chipatala cha paboma chimabwera m'mitsinje ingapo yosakumana. Malipiro a antchito amachokera ku Lusaka molunjika. Mankhwala ndi zipangizo zimabwera ngati katundu kuchokera ku ZAMMSA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Medical Stores Limited, ndipo lili ndi nkhokwe ku Chipata. Ndalama zoyendetsera ntchito, za dizilo, chakudya cha odwala, sopo ndi zokonzera zoonongeka, zimabwera kuchokera ku bajeti ya dziko. Ntchito za edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo zakhala zikudalira kwambiri abwenzi akunja monga dziko la America ndi Global Fund. Posachedwa pawonjezeka inshuwalansi ya boma ya NHIMA, yochokera ku lamulo la mu 2018, imene wantchito amasonkha 1 pa 100 ya malipiro ake ndipo bwana wake amasonkhanso chimodzimodzi. Chotsala chimatuluka m'thumba la wodwala: thiransipoti, chakudya cha womudikirira, ndi mankhwala okagula kusitolo akasowa kuchipatala.

Tanthauzo lake n'lakuti mkulu wa chipatala amalamulira kagawo kochepa chabe ka chuma chimene amayesedwa nacho. Sangalembe mzamba yekha, sangathamangitse galimoto ya mankhwala. Muyeso uliwonse woweruza chipatala uyenera kuyamba wavomereza zimenezi.

Mbiri yake ndi yaifupi kuifotokoza. Kusintha kwakukulu kwa zaumoyo kunayamba mu 1992, pamene boma la MMD linapereka mphamvu zokonza bajeti ku maboma. Mu 1993 odwala anayamba kulipira pachipatala. Bungwe la Central Board of Health linayamba ntchito mu 1996, likumachita mapangano ndi maboma ndi zipatala, ndipo linathetsedwa patapita zaka khumi. Mu April 2006 boma la Levy Mwanawasa linachotsa malipiro m'makiliniki ndi m'zipatala za maboma akumidzi, ndipo mu 2012 chithandizo choyambirira chinakhala chaulere m'dziko lonse. Ofufuza amene anawerenga makaundula a zipatala anapeza kuti obwera anachuluka kwambiri malipiro atachotsedwa. Ena amene anagwiritsa ntchito mayankho a mabanja anapeza kuti kusintha kwakukulu kunali kwakuti mabanja anasiya kutaya ndalama. Chochitika chimodzi chinapereka mayankho awiri chifukwa miyeso inali iwiri.

Miyeso itatu ya mabedi

Miyeso yakale kwambiri, imene chipatala chilichonse chingawerenge ndi pensulo, ndi ya mabedi. Woyamba ndi kudzaza kwa mabedi, wachiwiri ndi masiku amene wodwala mmodzi amakhala m'wodi, wachitatu ndi chiwerengero cha odwala amene bedi limodzi lawalandira.

Tiyerekeze chipatala cha mabedi 100 m'mwezi wa masiku 30. Bedi lililonse likanagonedwa usiku uliwonse, masiku ogonedwa akanakwana 3,000. Ngati anamwino powerenga odwala pakati pa usiku tsiku ndi tsiku apeza masiku 1,800, mabedi anadzaza 60 pa 100. Ngati otuluka m'mwezimo, amoyo ndi omwalira, anali 450, ndiye kuti wodwala mmodzi anakhala masiku 4, ndipo mabedi awiri alionse analandira odwala 9. Akatswiri ambiri amati kudzaza kwapakati pa 80 ndi 85 pa 100 ndiko kwabwino. Kukatsika kwambiri, nyumba, magetsi ndi antchito akulipiridwa popanda odwala okwanira. Kukakwera kupitirira apo, ngozi ya basi ikachitika pamsewu waukulu, ovulala amasowa pogona.

Mu 1986 Hipólito Pabón Lasso wa ku Colombia anasonyeza kuti miyesoyi imalankhula bwino ikaonedwa pamodzi. Chipatala chodzaza pang'ono chomwe mabedi ake amalandira odwala ochepa chili ndi mabedi opitirira zosowa zake, kapena anthu akuchilambalala. Chodzaza kwambiri koma cholandira odwala ochepa chikusunga anthu nthawi yaitali: mwina matenda ake ndi aakulu, mwina odwala akungodikira zotsatira za magazi, dokotala wa opaleshoni, kapena galimoto yobwerera kwawo. Chodzaza pang'ono koma chosinthasintha odwala msangamsanga mwina chikugoneka anthu amene akanalandira mankhwala n'kubwerera kumudzi tsiku lomwelo. Chodzaza bwino komanso cholandira odwala ambiri ndicho chimene chithunzicho chimachitcha chochita bwino.

Kuno kwathu miyesoyi iyenera kuwerengedwa wodi ndi wodi, mwezi ndi mwezi. Chiwerengero cha chaka chonse chimabisa zambiri. Wodi ya ana imasefukira m'miyezi ya mvula ndi yotsatira pake, malungo akafika pachimake, mpaka ana awiri kugona bedi limodzi amayi awo atayala zitenje pansi. M'chilimwe wodi yomweyo imakhala ndi malo. Wophatikiza zonse n'kupeza 60 pa 100 akhoza kulamula kuti mabedi achepetsedwe, ndipo adzalira m'mwezi wa March. Masiku a m'wodi nawonso ali ndi chinsinsi chake. Mayi wochokera m'chigwa akachitidwa opaleshoni pobereka, dokotala wanzeru samutulutsa msanga ngati mmene angachitire ndi wokhala pafupi ndi chipatala, chifukwa bala likavuta kumudzi, ulendo wobwerera ndi wa ngolo kapena njinga. Masiku awiri owonjezerawo papepala amaoneka ngati kutaya, koma ndi otchipa kuposa kumuyambiranso wodwala atafika bala litatukusira.

Kuyerekeza zipatala zambiri nthawi imodzi

Chipatala chimagwira ntchito zambiri zosiyana: kuona odwala obwerera tsiku lomwelo, kugoneka, kubereketsa, kuchita opaleshoni, kuyeza magazi. Pofuna kuziphatikiza m'muyeso umodzi, akatswiri amagwiritsa ntchito masamu otchedwa DEA, amene anayambitsidwa ndi Charnes, Cooper ndi Rhodes mu 1978 potsatira maganizo a Michael Farrell a mu 1957. Njirayi imasonkhanitsa zipatala zambiri, kuona zimene chilichonse chinalandira ndi zimene chinatulutsa, n'kupeza zomwe zachita bwino koposa. Zimenezo zimapatsidwa 100, ndipo zina zonse zimayesedwa kutalika kwake kuchokera pamenepo.

Felix Masiye, katswiri wa zachuma wa ku University of Zambia, anafalitsa kafukufuku wotere mu 2007 pa zipatala 30 za m'dziko muno. Anapeza kuti pakatikati zipatalazo zinali pa 67 pa 100, ndipo zinayi zokha pa khumi zilizonse ndizo zinali pamzere wa zochita bwino. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kukula kwa chipatala kosagwirizana ndi ntchito yake. China chinali kuchulukana kwa zinthu zina pamene zinzake zikusowa.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo mtima wa nkhani yonse m'maboma ngati Petauke ndi Nyimba. Chuma cha chipatala chimagwira ntchito ngati mafuwa: awiri okha sakhazika mphika. Chipinda cha opaleshoni chikhoza kukhala ndi nyali, bedi ndi dokotala, koma wogonetsa odwala akapita kutchuthi popanda wolowa m'malo, zonsezo zaima. Makina ojambulira mafupa amadikira katswiri wokonza wochokera kutali. Ambulansi imaima pansi pa mtengo chifukwa ndalama ya dizilo yachedwa. Kutaya kwakukulu kuli pamenepa: chinthu chodula chikukhala chifukwa chotchipa chasowa. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri patsiku, dziko lonse linaona mmene jenereta ndi solala zimagwirira moyo wa labotale, firiji ya katemera ndi makina a mpweya.

Masamu a DEA ali ndi malire ake. Amayerekeza chipatala ndi zinzake zokha, choncho zonse zikakhala zofooka, chofooka pang'ono chimapatsidwa 100. Amawerenga odwala otuluka osafunsa ngati anachira. Ndipo kiliniki ya m'chigwa yotumikira midzi yomwazikana idzaoneka yotsalira nthawi zonse poiyerekeza ndi ya pamsewu waukulu, ngakhale kuti kuitseka kungakhale kulanda anthu chipatala chokhacho chimene ali nacho.

Zimene zinayesedwa ku Nyimba

Mu 2008 boma la Katete linayamba kuyesa njira yopatsa makiliniki ndalama malinga ndi ntchito imene agwira, imene azaumoyo amaitcha RBF. Kuyambira mu 2012 mpaka mu 2014 Unduna wa Zaumoyo ndi World Bank anaikulitsa kukhala kafukufuku wa maboma 30, ogawidwa m'magulu atatu a maboma khumikhumi. Gulu loyamba linkalandira ndalama pa ntchito zisanu ndi zinayi zowerengeka, monga mayi wobereka m'manja mwa mzamba wophunzira, woyembekezera wobwera kusikelo, mwana womaliza katemera asanakwane chaka, ndi wolandira njira zakulera. Kubereketsa kunkalipiridwa kwambiri kuposa kuona wodwala wamba. Makaundula ankatsimikizidwa, ubwino wa ntchito unkayesedwa miyezi itatu iliyonse, ndipo gawo la ndalamazo linkapita m'matumba a antchito, lina n'kukonzera kiliniki. Gulu lachiwiri linayenera kulandira ndalama zofanana ndi zipangizo zomwezo, koma popanda kuzimangirira ku chiwerengero cha ntchito ndiponso popanda bonasi ya antchito. Gulu lachitatu linapitiriza monga mwa masiku onse. M'chigawo cha Kummawa, Lundazi anali m'gulu loyamba, Nyimba m'gulu lachiwiri, Chadiza m'gulu lachitatu.

Zotsatira zinadabwitsa ambiri. Amayi obereka kuchipatala anachuluka m'magulu awiri oyambawo kuposa m'gulu lachitatu, ndipo gulu la Nyimba silinatsalire m'mbuyo pa muyeso umenewu, ngakhale kuti silinalandire ndalama zonse zimene linayenera kulandira. Ndalama za gululi zinkadzera ku ofesi ya zaumoyo ya paboma ndipo zinkachedwa ndi malamulo obwezera malisiti. Gulu lolipidwa malinga ndi ntchito linapambana pa zinthu zina za ubwino wa chithandizo ndi pa kukhutira kwa antchito, koma linali ndi katundu wake: kuyendera makiliniki, kuwerenganso makaundula ndi kutsimikiza ziwerengero kumadya ndalama ndi nthawi. Mu 2022 World Bank yomweyo, itaunika maiko angapo, inanena kuti kupatsa makiliniki ndalama molunjika, pamodzi ndi ufulu wozigwiritsa ntchito ndi kuyang'anira kwabwino, kumabala zipatso zofanana kwambiri ndi za RBF pamtengo wotsikirapo.

Phunziro lake ndi losavuta koma lolemera. Namwino wa kumudzi kawirikawiri safuna nyambo kuti agwire ntchito. Chimene chimamumanga manja ndi kusowa kwacha yogulira babu, yokonzera mpope, yothira mafuta m'njinga yamoto yopitira kukapereka katemera kumidzi yakutali.

M'chaka chomwecho cha 2012 Nyimba anasankhidwanso, pamodzi ndi Lundazi, Mansa ndi Kalomo, kuyambitsa ntchito ya Saving Mothers, Giving Life, yothandizidwa ndi dziko la America ndi mabungwe ena. Ntchitoyi inalimbana ndi kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Inaphunzitsa azamba, kukonza zipinda zoberekera, kulimbitsa mayendedwe ndi mauthenga, ndi kugwiritsa ntchito magulu a m'midzi a uchembere wabwino otchedwa SMAG. M'chaka choyamba imfa za amayi m'zipatala za maboma anayiwo zinatsika ndi pafupifupi 35 pa 100. Pambuyo pake ku Nyimba kunamangidwanso nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera pafupi ndi makiliniki ena, kuti wa kutali afike masiku ake asanakwane.

Ntchito ziwiri zikachitika m'boma limodzi nthawi imodzi, woyeza amavutika kunena kuti chipatso ichi chabala ndi mtengo uti. Vuto limeneli ndi la masiku onse m'maboma athu, kumene mabungwe angapo amagwira ntchito pakiliniki imodzi ndipo lililonse limalemba zotsatira zomwezo m'lipoti lake.

Kumene manambala amabadwira

Chiwerengero chilichonse chimene nduna imawerenga ku Lusaka chinayambira pa tebulo la kiliniki. Mwezi ukatha, mzere wa odwala utabalalika, namwino amatsegula makaundula akuluakulu: la odwala obwerera tsiku lomwelo, la sikelo ya amayi, la ana osakwana zaka zisanu, la kulera, la oyezetsa magazi. Amawerenga timizere ta pa mapepala owerengera, asanuasanu, n'kusamutsira pa mafomu a lipoti la mwezi. Mafomuwo amapita ku ofesi ya paboma, kumene amalowetsedwa m'kompyuta ya DHIS2. M'malo ena mbiri ya wodwala imasungidwanso pa SmartCare, koma magetsi kapena intaneti zikavuta ntchito imabwerera ku pepala, ndipo chinthu chimodzi chimalembedwa kawiri. Maola amenewa nawonso ndi chuma cha chipatala, ngakhale salembedwa m'bajeti iliyonse.

Pali vuto lina limene aliyense wogwira ntchito m'makiliniki a kumalire amalidziwa. Kuti mudziwe kuti mwatemera ana angati pa 100, muyenera kudziwa ana onse alipo angati. Boma limapereka chiwerengero chochokera ku kalembera wa dziko, womaliza ndi wa mu 2022, koma makomiti a zaumoyo a m'midzi akawerenga khomo ndi khomo nthawi zambiri amapeza china. Onjezani odwala owoloka kuchokera ku Mozambique ndi ochokera m'maboma oyandikana, ndipo kiliniki ikhoza kulemba kuti yatemera ana oposa 100 pa 100 pomwe kuseri kwa phiri kuli mudzi umene sunafikiridwe. Mankhwala akagawidwa potsatira chiwerengero cha papepala, kiliniki yotereyi imawatsiriza mwezi usanathe.

Mankhwala, malungo ndi ulendo wa ambulansi

Pambuyo pa malipiro, mankhwala ndiwo amadya ndalama zambiri, ndipo amatayika m'njira zitatu: kusowa pamene akufunika, kutha mphamvu ali pashelefu, ndi kubedwa. Mu 2009 ndi 2010 Zambia inayesa njira ziwiri zogawira mankhwala m'maboma akumidzi. M'njira ina mankhwala ankaunjikidwa ku sitolo ya paboma n'kumagawidwa kuchokera kumeneko. M'njira inayo kiliniki iliyonse inkaitanitsa yokha, katundu wake n'kubwera atamangidwa kale m'makatoni olembedwa dzina lake, ofesi ya paboma n'kungokhala podutsira. Njira yachiwiriyi inachepetsa kwambiri masiku amene makiliniki ankakhala opanda mankhwala a malungo a ana. Mankhwala ogulidwa sanachuluke. Chimene chinasintha ndi njira yoyendamo.

Kuba nako kwapweteka dziko lino poyera. Mu 2009 Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lawo ku Unduna wa Zaumoyo chifukwa cha ndalama zosokonezedwa. Mu May 2025 kazembe wa America ku Lusaka analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa mankhwala operekedwa mwaulere ankapezeka akugulitsidwa m'masitolo. Khadi lolembapo katundu wolowa ndi wotuluka, lopachikidwa pashelefu iliyonse m'chipinda cha mankhwala, ndi chida chaching'ono koma ndicho choyamba chogwirira wakuba.

Malungo ndiwo amadzaza mabenchi a zipatala za kuno, choncho kusamala pa malungo kumapulumutsa zambiri. Kale aliyense wotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo. Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kusamukira ku Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mankhwala odula otero sakanaperekedwa mwachisawawa. Kachipangizo koyezera magazi a pachala, kopereka yankho m'mphindi 15 kapena 20, kamasiyanitsa wa malungo ndi wa chibayo kapena nthenda ina. Kakafika m'manja mwa wantchito wodzipereka wa m'mudzi, mwana amathandizidwa tsiku loyamba, asanafike pokomoka ndi kufuna bedi, diripi ndi magazi.

Za ambulansi zimamveka ndi mtunda. Kuchokera ku Nyimba kupita ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, kuchokera ku Petauke kupita ku Chipata ndi oposa 150, ndipo galimoto iyenera kubwerera. Ulendo uliwonse umatenga dizilo, dalaivala ndi namwino woperekeza, ndipo tsiku lonselo boma limatsala ndi ambulansi yocheperapo. Opaleshoni iliyonse imene ingachitike pafupi ndi kwawo kwa wodwala imabweza ndalama zimenezi. Apa ndi pamene phindu la Kalindawalo General Hospital liyenera kuyesedwera: odwala angati amene kale akanapita ku Katete, ku Chipata kapena ku Lusaka tsopano akuthandizidwa ku Petauke, ndiponso kodi icho ndi chipatala cha paboma, pokhala zili m'boma limodzi, zagawana ntchito momveka kuti wa chimfine asakaime pamzere wa dokotala wa opaleshoni.

Antchito ndi nyumba zatsopano

Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 pa 100 ya bajeti ya dziko pa zaumoyo. Maiko ochepa okha ndiwo akwanitsa, ndipo thandizo lakunja layamba kuchepa, makamaka kuchokera mu 2025. Zimene zilipo ziyenera kugwira ntchito yoposa kale.

Zinthu ziwiri zasintha posachedwa. Mu 2022 boma linalemba antchito azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi. M'chaka chomwecho thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe. Ndalama zina za thumbali zikumanga timakiliniki, zipinda zoberekera ndi nyumba za antchito, ndipo zosankha zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Motero anthu wamba a ku Petauke, ku Nyimba ndi ku Lusangazi ali ndi mawu pa kagawidwe ka chuma cha zaumoyo.

Udindo umenewu ndi wolemera, chifukwa nyumba ndiyo mbali yotchipa ya kiliniki. Chaka ndi chaka idzafuna mzamba, madzi, magetsi, mankhwala ndi njira yotumizira wodwala wokanika. Chipinda choberekera chopanda madzi, kapena kiliniki yopanda nyumba ya namwino, imalowa m'gulu lomwe lija la zinthu zodula zodikira zotchipa. Nthawi zina ndalama yomweyo ikanachita zambiri pomaliza kiliniki yakale, kukumba mjigo pambali pake, kuika solala, kapena kukonza kamlatho kamene kamatsekereza ngolo nthawi ya mvula.

Inu a m'makomiti a zaumoyo ndi a chitukuko, musanasaine pempho la nyumba yatsopano, pitani pakiliniki yanu mukapemphe kuona ziwerengero za miyezi 12 yapitayi: amayi angati anaberekera pamenepo, masiku angati mankhwala a malungo anasowa, odwala angati anatumizidwa kutsogolo ndipo ambulansi inatenga maola angati kufika. Manambalawo ndi anu, ndipo namwino amawalemba kale mwezi uliwonse.